Chaka Chimene Ndinasiya Azakhali pa Chitunda

Ndinabadwira kufupi ndi kwa Tengani, m'mudzi wa mapira ndi thonje, ndipo sukulu ndinkalimbikira ndi cholinga chimodzi chokha, chochokako. Sikuti kwathu ndinkadana nako. Koma mwana aliyense wa kuchigwa amene anakwerapo mapiri a Thabwa n'kumva kamphepo kozizira kakulowa pawindo la minibasi akudziwa chimene ndikunena. Nditapeza malo kukoleji ya zachipatala ku Blantyre, ndinadziuza kuti ntchito ndidzagwira m'wodi ya m'tauni, nditavala gawuni yoyera, ndipo fumbi la kwathu ndizidzaliona pa Khirisimasi basi.

M'chaka chomaliza anatigawa kuti tikachite mapulakitikolo m'zipatala za m'maboma, ndipo ine ananditumiza kwathu komweko, ku Nsanje. Ndinakalirira kubafa. Mnzanga amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, mtsikana wa ku Dedza, wamfupi, wosachedwa kuseka, anamuikanso ku Nsanje komweko, koma iye anasangalala. Shire anali asanamuonepo.

Tinatsika mvula isanayambe, dzuwa lili pachimake. Mnzangayo anatuluka timatuza ta thukuta khosi lonse. Ankanyowetsa chitenje n'kufunda, chikauma n'kukachinyowetsanso. Madzi a pamjigo ankati akumva mchere. Komabe m'mawa uliwonse ankadutsa pamzere wa odwala akupereka moni wa Chisena umene anaphunzira dzulo lake, "Muli tani?" ndipo amayi ankamuyankha akuseka kuti "Pyadidi," n'kumuphunzitsa mawu ena, ena mwa iwo oti sanganenedwe pamaso pa apongozi.

Amene anatilandira anali kilinikala ofesa wachikulire, wamtali, wadazi, woyenda ndi ambulera yakuda ngakhale kumwamba kulibe kamtambo. Aliyense pachipatalapo ankangowatchula kuti madala. Iwo ndi amene ankayang'anira maulendo a ambulansi ndi zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Tsiku loyamba anatifunsa kuti tikufuna kuyambira wodi iti. Ine ndinati ya amuna, mnzanga anati ya ana.

"Mawodi mudzawaona mpaka kutopa nawo," anatero. "Wodwala amene ali pabedi ndi amene wapambana kale ulendo. Ine ndikufuna mukaone amene akadali panjira, pangolo, panjinga, kumsana kwa m'bale wake. Kwerani galimoto."

Masiku amenewo kukoleji kunalibe phunziro lenileni la chithandizo cha panjira kapena cha nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi. Aphunzitsi ankangodutsapo mwachidule, n'kubwerera ku matenda a m'wodi. Madala anaziphunzira pantchito ndi m'timaphunziro tapatalipatali, ndipo kalasi yawo inali kumbuyo kwa ambulansi. M'menemo ndinaphunzira kupeza mtsempha galimoto ikudumpha m'maenje, kumanga mwendo wothyoka ndi timatabwa ndi chitenje, kugoneka munthu wokomoka chammbali kuti masanzi asamutsamwitse. Ankatiletsa kuthamanga potsika. Ankati tiyambe taima kaye, tione ngati malowo sangatipweteke ifenso, chifukwa wothandiza akavulala odwala amangochuluka.

Tsiku lina Loweruka anatitengera kubwalo la mpira kuseri kwa msika. Anali atapempha akabaza ndi amayi ogulitsa malonda kuti ayerekeze ngati lole yawagubuduza. Anawapaka tomato wofinya kumaso ndi m'miyendo, n'kuuza aliyense vuto loti achite. Ife anatipatsa tinsalu timene anakatola kwa telala: tofiira ta amene angafe msanga akapanda kuthandizidwa, tachikasu ta ovulala kwambiri koma oti angadikireko, tobiriwira ta oyenda okha, ndi takuda ta amene apita kale. Ntchito yathu inali kuzungulira mwachangu n'kumanga aliyense kansalu pamkono.

Panali mayi wina wogulitsa nsomba za makakana amene akanayenera kukhala wa zisudzo. Ankagubuduka pafumbi, akuitana amake ndi ana ake onse. Ndinathamangira kwa iye, ndinagwada, ndinayamba kumufunsa pamene pakupweteka. Madala anandisiya kwa kanthawi, kenako anandigwira paphewa ndi nsonga ya ambulera.

"Amene akukuwa chonchi, mpweya ali nawo kapena alibe?"

"Ali nawo."

"Nanga uyo wagona phee pansi pa msanguyo?"

Ndinapita. Anali bambo wa kabaza, atagona chagada, osatulutsa mawu. Madala anati, "Ameneyo wakuferani muli kwa amayi a nsomba." Bamboyo anatsegula diso limodzi n'kufunsa ngati maliro ake atha kuti abwerere pasiteji. Bwalo lonse linaseka, inenso ndinaseka, koma phunzirolo linalowa.

Mvula inayamba bwinobwino chaka chimenecho. Anthu anadzala, mapira anamera. Kenako kumapiri inagwa mosalekeza. Madzi amene amavuta kwathu nthawi zambiri si ogwa kwathu, ndi otsika kumtunda, ndipo amatha kufika kuchigwa kukuwala dzuwa. M'mawa wina tinafika pachipatala n'kupeza madala atavala magambutsu, akulongedza madiripi, mabandeji ndi magolovesi m'makatoni. Shire anali atasefukira kumadimba, ndipo anthu ambiri amene ankakhala kumeneko kulima mbatata ndi chimanga anali atazingidwa. Boma linapeza maboti a injini ochepa. Limodzi anatipatsa ife.

Sindidzaiwala maonekedwe a dziko lakwathu tsiku limenelo. Njira zimene ndinkayenda ndili mwana zinali pansi pa madzi ofiira. Tinkadutsa pamwamba pa minda, nsonga za chimanga zikukhudza boti. Madenga audzu ankayandama, nkhuku zili pamwamba. Woyendetsa boti ankalondola migwalangwa kuti adziwe pamene tili.

Tinafika pachitunda china pamene panali mlambe waukulu. Anthu anali atadzaza pamenepo ndi mbuzi zawo, mitolo ya zovala ndi mapoto. Boti lathu linali laling'ono, ndipo titachotsa malo athu ndi a katundu, otsala anali a anthu owerengeka, makamaka ngati ena agona. Madala anandipatsa tinsalu tija.

"Inu Chisena mumachidziwa. Zungulirani. Ife tikutsatirani ndi katundu."

Ndisanayende patali ndinamva mawu amene ndikanawazindikira ngakhale pakati pa msika. Anali azakhali anga, mlongo wawo wamkulu wa bambo. Sindinkadziwa kuti chaka chimenecho anasamukira kudimba. Amenewa ndi amene anandibereka kumsana mayi anga atadwala nthawi yaitali. Ndiwo ankandiluka tsitsi, ndiwonso anandiperekeza pabasi tsiku limene ndinkapita kukoleji, akuuza aliyense pasiteji kuti mwana wawo akukakhala dokotala. Anali atakhala pamtolo, mwendo umodzi atautambasula. Lata linawacheka pamsongolo pothawa madzi. Anandikumbatira m'chiuno atakhala pomwepo.

"Ndinadziwa kuti Mulungu sangandisiye. Onani, wanditumizira mwana wanga yemwe. Tiye, ndigwire dzanja."

Ndinayang'ana balalo. Linali lalitali koma losazama, magazi atasiya kale kutuluka. Ankayankhula mwamphamvu, khungu lawo linali lofunda bwino. Ndinawamanga kansalu kobiriwira n'kuwauza kuti ndikubwera.

Kuseri kwa mlambe ndinapeza mtsikana atafungata mwana amene anatsekula m'mimba kuyambira dzulo lake. Mwanayo sankalira. Maso anali atalowa, ndipo nditatsina khungu la pamimba linakhala choncho osabwerera. Chapafupi panali mayi woyembekezera, wotopa, chitenje chitanyowa magazi. Panalinso bambo amene khoma la nyumba linamugwera pachifuwa, akupuma mwapang'onopang'ono ngati mpweya akuuba. Onsewa ndinawamanga tofiira. Ndinapezanso agogo aamuna othyoka ntchafu. Pamene tinamaliza kuwanyamula ndi owadikirira awo, boti linali litadzaza.

Azakhali anali atafika kale m'mphepete mwa madzi, akutsimphina, mtolo uli pamutu.

"Azakhali, ulendo uno simukwera. Boti libweranso."

Anandiyang'ana ngati sanamve. "Ukunena ine?"

"Bala lanu si loopsa. Awa ali m'botiwa akachedwa atha kufa."

"Ndiye kansanza wandimangaka kakutanthauza zimenezo?"

"Kakutanthauza kuti mungathe kudikira."

"Ine ndinakudikiritsapo iwe? Unkalira usiku amako ali gone, ndinakuuzapo kuti dikira?"

Anthu anali atazungulira, ena oti ankandidziwa kuyambira ndili wakhanda. Mnzanga wa ku Dedza ndi amene anatsika m'boti, atanyamula katoni ya mabandeji ndi chigubu cha madzi abwino. Anauza madala kuti atsala pachitundapo kuti azitsuka mabala ndi kusungunulira ana madzi a mchere ndi shuga, ndipo malo ake akwere mayi wina wokhala ndi khanda lotentha thupi. Madala anaganiza pang'ono n'kuvomera. Injini inalira. Azakhali anaima pomwepo, mtolo uli pamutu, mpaka mlambe unawabisa.

"Ndi abale anu?" madala anafunsa titapita patali.

"Ndi azakhali anga."

Anandipatsa botolo la diripi ya mwana uja kuti ndiligwire m'mwamba, iwo n'kutembenukira kwa bambo wa chifuwa. Bamboyo anamwalira tisanafike kumtunda, mutu wake uli pamiyendo ya mkazi wake. Mwana uja anachira. Mayi woyembekezera anapulumuka kufiyeta, koma khanda lake silinalire. Zonsezi zinachitika tsiku limodzi, ndipo sindinapeze nthawi yoti ndidziwe ngati ndasangalala kapena ndili ndi chisoni.

Boti linabwereranso kuchitunda dzuwa litapendeka. Ine madala anandisiya kumtunda kuti ndizilandira ofika. Azakhali anatsika atagwira phewa la mnzanga, mwendo utamangidwa bandeji yoyera bwino. Anandidutsa ngati mtengo.

Anthu onse opulumutsidwa anawaika pasukulu ina ya pulayimale, ndipo ife tinatsegula kachipatala m'kalasi imodzi ndi tenti panja. Tinakhala pamenepo masabata angapo. N'zodabwitsa kunena, koma masiku amenewo ndimawasowa kuposa ena onse a ntchito yanga. Tinkadzuka kukadali kozizira pang'ono, n'kuthira kolorini m'zidebe za madzi, n'kuyendera zimbudzi, chifukwa madala ankati pamsasa kolera amalowera kumeneko osati pageti. Madesiki tinawasandutsa mabedi. Pabolodi panali patatsala masamu a ana a sitandade 4, ndipo palibe amene anawafufuta. Masana tinkabaya ana katemera pansi pa mtengo wa nimu. Amayi ankatibweretsera mbatata yootcha imene anapulumutsa m'madzi, ife tikakana ankakwiya. Madzulo tinkakhala pakhonde atatu, kumwa tiyi m'makapu apulasitiki, madala akutifunsa mafunso ngati a mayeso: munthu walumidwa ndi ng'ona pamwendo, muli ndi chitenje ndi kamtengo basi, mutani? Tikalakwitsa ankaseka mpaka kutsokomola, kenako n'kutionetsa pa mwendo wa mmodzi wa ife. Ntchito inali yochuluka, tulo tochepa, udzudzu wosaneneka, koma chilichonse chimene tinkachita tinkaona ndi maso kuti chathandiza munthu.

Azakhali ankagona m'kalasi yoyandikana nafe. M'mawa uliwonse ankabwera kudzatsukitsa bala, koma kwa mnzanga yekha. Ndikakhala ndili ndekha ankabwerera. Mnzangayo ankamutchula kuti "mwana wanga wa kumapiri," ndipo anamuphunzitsa kuphika nyika, mizu ya m'madzi ija imene timadya kwathu njala ikavuta. Ine ndikapereka moni ankayankha akuyang'ana kumbali. Bambo anga atabwera kudzawaona ndinawadandaulira. Anangoti, "Mlongo wangayo ndinakula naye. Usamuthamangire, adzabwera yekha."

Anabweradi, koma patapita miyezi. Madzi anali ataphwa, ife mapulakitikolo atatha, ndipo ndinapita kumudzi kukatsanzika ndisanabwerere kukalemba mayeso omaliza. Ndinawapeza akupeta mapira pabwalo la bambo. Ndinakhala pamphasa chapatali. Anapeta kwa nthawi ndithu, kenako anafunsa osandiyang'ana.

"Kamwana kaja kanali kuseri kwa mlambe, kali moyo?"

"Kali moyo, azakhali. Kakuyenda tsopano."

"Amake ndimawadziwa. Ndi a tsidya." Anaika lichero pansi. "Iwe ukuganiza kuti ndinakwiya chifukwa sindinakwere boti."

Ndisanayankhe, anapitiriza.

"Ukanabwera n'kunena kuti, azakhali, kuli mwana akufa uko, malo ndi ochepa, titani? Ndikanakana ndekha kukwera. Anthu onse aja akanaona kuti ndakana ndekha. Koma iwe unangondimanga chinsanza ngati mbuzi ya pamsika."

Mpaka lero sindidziwa ngati akanakanadi. Azakhali anga anali munthu woti pamaliro ankafika poyamba ndipo pabasi ankakweranso poyamba. Ndiponso pachitunda paja panalibe nthawi yokambirana ndi aliyense. Koma ndinamvetsa chimene chinawawawa. Tsiku limenelo anandipatsa mapira m'kathumba kuti ndikaphike phala kutauni, ndipo anati theka ndikapatse mwana wawo wa kumapiri.

Titamaliza sukulu zinthu zinatembenuka mmene sitinkayembekezera. Mnzanga anapempha yekha kuti amutumize ku Nsanje, malo amene ena ankawathawa. Anakwatiwa ndi mphunzitsi wa komweko. Lero Chisena amachiyankhula kuposa ine, ndipo ndiye amatsogolera gulu la ambulansi ndi lokonzekera madzi osefukira. Azakhali atadwala matenda awo omaliza, iye ndi amene anawanyamula kumudzi kupita nawo kuchipatala, ine ndinafika mawa lake.

Ine ndinagwiradi ntchito m'wodi ya m'tauni monga ndinkafunira, koma sindinakhazikike. Ambulansi ikafika ndinkapezeka ndili pakhomo, ndikufunsa dalaivala kuti wodwalayo anamupeza bwanji, anachedwa pati, ndani anamugwira poyamba. Mwayi wa maphunziro a chithandizo cha mwadzidzidzi utapezeka ndinapita, ndipo pobwera ndinayamba kuphunzitsa. Tsopano phunziro limene ife tinaliphunzirira kumbuyo kwa galimoto lili ndi kalasi yake, zidole zophunzirira kupopa mtima, ndi mayeso ake. Madala anapuma ntchito n'kubwerera kwawo, ndipo anamwalira asanaone kalasi imeneyi.

Ophunzira anga amandifunsa kawirikawiri ngati ntchito imeneyi ili ndi tsogolo. Amaona anzawo akusankha za opaleshoni kapena za maso, ntchito zokhala ndi chipinda ndi mpando. Ndimawauza zoona, kuti njira yake sinalambulidwe bwino, kuti pena galimoto imasowa mafuta, pena umafika mochedwa, ndipo amene wamupulumutsa nthawi zambiri sakukumbukira chifukwa anali chikomokere. Ndimawauzanso kuti pomanga munthu kansalu azimuuza chifukwa chake, ngakhale ndi mawu awiri okha. Kenako ndimawatengera kuchigwa, chifukwa zina sizimveka m'kalasi.

Chaka chatha ndinatsika ndi gulu lina. Titamaliza zoyeserera masana, tinapita kunyumba kwa mnzanga. Imvi zayamba kumutuluka, koma kuseka sikunasinthe. Tinakhala pakhonde tikudya masawu, ophunzira atatopa, akudzikupiza ndi makatoni. Tinkakumbutsana za mayi wa makakana uja, amene akuti akugulitsabe pamsika ndipo amafunsa kuti zisudzo zija zidzachitikanso liti. Foni ya mnzanga inalira. Ngolo ya ng'ombe inali itagubuduzika ndi anthu ochokera kuchigayo, kumudzi wina kumbali ya kwa Tengani. Anavala nsapato akuyankhulabe pafoni, kenako anatembenukira kwa ophunzira aja.

"Malo alipo a anthu awiri. Ndani akubwera?"

Onse anayang'ana kwa ine. Ine ndinapitiriza kudya masawu. Mtsikana wina amene sankayankhulayankhula m'kalasi anaimirira, mnyamata wina n'kumutsatira. Ambulansi inabwera kudzawatenga pamsewu, ndipo fumbi lake linatenga nthawi kuti likhazikike. Ine ndinatsala pakhonde ndi ophunzira enawo ndi mwana wamkazi wa mnzanga, amene anabwera ndi kope lake la sayansi kuti ndimuthandize homuweki amake asanabwere.